Mizere iwiri imene ingapulumutse ndalama zanu

Tikatha kukolola, mlimi aliyense amafunafuna womunyamulira cimanga kupita naco ku depoti. Tiyerekeze kuti pamudzi pali eni galimoto awiri. Woyamba akuti, "Mundipatse K100 ya mafuta, ndiponso K10 pa thumba lililonse." Waciwiri akuti, "Ine za mafuta musavutike nazo, mungondipatsa K15 pa thumba." Ambiri timathamangira kwa waciwiri kaamba koopa K100 ija. Kodi timacita bwino?

Yankho lili m'buku la masamu la mwana wanu wa ku sekondale, pa phunziro la graph, lija ena timati ndi kungojambula mizere yopanda phindu.

Mwanayo atenge pepala, rula ndi pensulo. Ajambule mzere wopingasa, umene amaucha x, wowerengera matumba. Kenaka ajambule mzere woimirira, umene amaucha y, wowerengera ndalama. Pamene mizereyi yakumana ndiye pa 0. Njira iyi yoonetsera masamu pa cithunzi inadziwika ndi buku la René Descartes wa ku France, m'caka ca 1637.

Mtengo wa woyamba ulembedwa motere: y = 10x + 100. Popanda thumba ndi limodzi lomwe, mwalipira kale K100. Matumba 10 ndi K200, matumba 30 ndi K400. Mwana aike kadontho pa malo atatuwa ndi kuwalumikiza ndi rula. Madontho awiri ndi okwanira kupanga mzere, koma kacitatu ndi mboni: kakapatuka, ndiye kuti pena pake walakwitsa.

Mtengo wa waciwiri ndi y = 15x. Mzere wake uyambira pa 0, koma ukwera msanga cifukwa thumba lililonse liwonjezera K15. Matumba 10 ndi K150, matumba 30 ndi K450.

Tsopano onani pamene mizere iwiriyi yadutsana. Ndi pa matumba 20, pomwe onse awiri alipiritsa K300. Ngati matumba anu safika 20, itanani waciwiri. Ngati apitirira 20, woyamba ndiye wochipa. Mlimi wa matumba 40 adzalipira K500 kwa woyamba, koma K600 kwa waciwiri. Pothawa K100 ya mafuta, wataya K100 yeniyeni, ndalama imene akadagulira mcere ndi sopo.

Mitengo ya kwanu idzasiyana ndi iyi, koma njira yake ndi yomweyo. Paliponse pamene pali ndalama yoyambira ndi ina yowonjezera mofanana pa cinthu ciliconse, mzere wowongoka ulipo.

Tsono makolo anzanga, mwana akapempha mapepala a graph ndi rula, tisamukalipire kuti angoononga ndalama. Caka cino, musanagwirizane ndi mwini galimoto, muitaneni mwanayo, mumuuze mitengo yonse iwiri, ajambule inu mukuona.