Sefa ya M'laibulale Yathu

Anzanga ambiri akhala akundifunsa kuti, “Kodi tsamba lofufuzira mabuku la laibulale yathu lidziwa bwanji buku limene munthu afuna?” Yankho langa ndi lakuti silidziwa konse. Lingosefa basi, monga amayi asefera ufa. Popeza ndinali mmodzi wa ophunzira amene anathandiza aphunzitsi a kompyuta kukonza tsambali, ndiloleni ndilongosole mmene ntchitoyi iyendera.

Poyamba pali nkhokwe ya m'kompyuta imene akatswiri aitcha database. Musaope dzinali. Ifanana ndi kaundula woitanira maina m'mawa. Mzere uliwonse ndi buku limodzi, ndipo mzerewo wagawidwa m'zigawo: china cha dzina la buku, china cha wolemba, china cha chaka, china chonena ngati buku lili pashelefu kapena wina analibwereka. Nzeru yosunga zinthu m'mizere yotere anailongosola bwino Edgar Codd wa kampani ya IBM mu 1970. Pambuyo pake anzake awiri a pakampani yomweyo, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, anapanga chilankhulo chofunsira nkhokwe zotere, chimene lero tichitcha SQL.

Tsono mukalemba mawu m'kabokosi ka patsamba ndi kukanikiza batani, tsambalo litumiza funso ku nkhokwe. Funsolo lili ndi mawu owerengeka. Mawu akuti SELECT anena zigawo zoti zioneke. ORDER BY andandalika zopezeka, kaya motsata alifabeti kaya motsata zaka. LIMIT aletsa kuti zonse zisakhuthukire patsamba limodzi. Ife tinaika mabuku 10 patsamba lililonse, otsalawo adikire patsamba lachiwiri.

Koma sefa yeniyeni ndi mawu akuti WHERE. Iwo ayesa mzere uliwonse ndi lamulo limene mwapereka: wogwirizana nalo udutsa, wosagwirizana utsala. Mukaika malamulo awiri ndi kuwalumikiza ndi AND, monga kunena kuti wolemba akhale wakutiwakuti ndiponso buku likhale pashelefu, timabowo ta sefa tichepa, ndipo zodutsa zichepanso. Mukawalumikiza ndi OR timabowo tikula. Izi nzosavuta, ndipo tinazimvetsa tsiku limodzi. Chimene sitinachimvetse msanga ndi ichi.

Mnzathu wina wa Fomu 4 anafuna buku la Nthondo, lija linatuluka mu 1933. Dzina la bukulo linamuthawa, koma wolemba anamkumbukira. Analemba “Nthara” m'kabokosi, tsamba nilimuyankha kuti, “Palibe chapezeka.” Iye anakhulupirira, pakuti ndani atsutsa kompyuta? Anakhala masabata awiri akupempha bukulo kwa anzake a kusukulu zina, pamene ilo linali khale pashelefu yachitatu, likudya fumbi. Atalipeza anabwera kwa ine ali wokwiya ndithu.

Ndinachita manyazi, chifukwa mzere wa bukulo ndinalemba ndine. Ndinaika “Ntara”. Kunena zoona sindinalakwe, ndipo iyenso sanalakwe, popeza dzina la Samuel Josia Ntara lipezeka m'mabuku molembedwa mwanjira zonse ziwiri. Munthu woyang'anira laibulale akadamva msanga kuti ndi munthu mmodzi yemweyo. Koma sefa siimva. Ifanizira chilembo ndi chilembo. Kachilembo kamodzi ka “h” kanabisa buku lonse.

Titafufuza tinaona kuti vutoli ndi lalikulu m'chilankhulo chathu. Mabuku akale alemba “Cinyanja” pamene ife tilemba “Chinyanja”. Ena alemba “Malaŵi”, ena “Malawi”. Mizere ina tinakopera monga zinaliri pachikuto, ina tinakonza mwa masiku ano, aliyense monga anaonera. Chomwecho tinadzitchera tokha msampha.

Aphunzitsi anatisonyeza mankhwala oyamba. M'SQL muli mawu akuti LIKE, amene ayenda ndi chizindikiro cha %. Chizindikirochi chiimira zilembo zilizonse, ngakhale pasakhale chilembo konse. Motero “Nt%ara” agwira Ntara ndi Nthara pamodzi. Ine ndinakondwera nazo, koma ndinaona kuti wa Fomu 1 wongofuna buku sadzalemba chizindikiro chotere. Nchifukwa chake tinaonjezera chigawo chatsopano m'nkhokwe, chosungamo kalembedwe kena ka dzina lililonse, ndipo tsopano sefa iyang'ana m'zigawo zonse ziwiri, zolumikizidwa ndi OR.

Tinasinthanso mawu aja akuti “Palibe chapezeka”, pakuti ananena zoposa zimene kompyuta idziwa. Tsopano tsamba liti, “Mawu amenewa sitinawapeze. Yesani kalembedwe kena, kapena funsani woyang'anira laibulale.”

Chigawo chatsopanocho sichinadzazebe. Ngati mwalemba dzina, tsamba nilikana, koma buku mwaliona ndi maso anu pashelefu, chonde lembani dzinalo pakapepala monga munalilembera. Tipezeka m'chipinda cha kompyuta Lachitatu lililonse tikaweruka.