Netiweki ikathawa kwa Kapelula, ntchito iime?

Fodya akatsika m'chigafa, akasankhidwa n'kupanidwa pa jeke, mlimi wa kwa Kapelula amakhala atatha mbali yake. Chotsala ndi kudikira, ndipo masiku ano kudikirako kumachitikira pa foni. Kodi mabelo alowa mu okushoni ku Chinkhoma kapena akadali panjira? Apita pa mtengo wanji? Nanga ndalama zafika ku banki? Mayankho onsewa ali m'kachipangizo kofuna zinthu zimene kumudzi sizipezeka mwachisawawa: moto wotchajira, mayunitsi, ndi netiweki yoti munthu asachite kukwerera pachulu. Pamene zili chomwechi, macheza a anthu okonda zamakono pa WhatsApp ndi pa Facebook amakhala pa zina. Kumeneko amakangana za foni yomwe yangotuluka kumene, za liwiro la Starlink, za ChatGPT. Machezawo si oipa, koma amadumpha funso lomwe ndi la moyo kwa munthu wa kum'mawa kwa Kasungu: pulogalamu imene boma kapena kampani ikumubweretsera, kodi igwira ntchito netiweki ikathawa, ndipo ikawonongeka angaikonze ndani? Yankho labwino, monga umboni wa m'dziko mwathu momwemuno ukusonyezera, lili m'mapulogalamu otseguka, amene akatswiri amawatcha open source.

Tiyambe ndi kukula kwa vutolo. Kafukufuku amene ofesi ya National Statistical Office inachita pamodzi ndi MACRA mu 2019 anapeza kuti anthu 14.6 okha pa 100 alionse ndiwo ankagwiritsa ntchito intaneti m'Malawi. M'matauni anali oposa 40 pa 100, koma kumidzi sanafike n'komwe 10. Chiwerengerochi chakwerako m'zaka zotsatira, komabe mpata wa pakati pa tauni ndi mudzi sunatsekeke, ndipo kumudziko ndiye kuli anthu oposa 80 pa 100 a dziko lino. Zifukwa zake n'zodziwika. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, motero intaneti imafika pa zingwe zodutsa ku Tanzania ndi ku Mozambique, ndipo aliyense wa panjirapo amadyapo. Mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa data ndi pa mauthenga a SMS, pamwamba pa VAT. Anthu atafuula mu 2020 kuti data itsike, Airtel ndi TNM anatsitsadi mitengo ina, koma kwacha nayo yakhala ikugwa, ndipo bandulo imapikisanabe ndi mchere ndi sopo m'thumba limodzi. Magetsi a ESCOM afika m'nyumba zowerengeka za kumudzi. Choncho aliyense wokonza pulogalamu ya anthu a kwa Kapelula ngati kuti onse ali ndi foni ya tachi yodzaza moto ndi data, akusokera malaya munthu amene sanamuyeze.

Kodi pulogalamu yotseguka n'chiyani? Pulogalamu iliyonse ya pa kompyuta kapena pa foni ndi malangizo olembedwa ndi munthu, ouza makinawo chochita. Makampani ambiri amabisa malangizowo: amakugulitsa chilolezo chogwiritsira ntchito, koma zam'kati suziona, sungazisinthe, ndipo chilolezo chikatha umalipiranso. Pulogalamu yotseguka ndi imene malangizo ake aikidwa poyera, aliyense n'kuloledwa kuwawerenga, kuwakonza ndi kugawirako ena. Mlimi sangavutike kumvetsa zimenezi chifukwa amazidziwa kale pa nkhani ya mbewu. Chimanga cha makolo umasankha zisononkho zabwino, n'kuzisunga, n'kudzabzala chaka chamawa, ndipo mnansi akapempha umamupatsako. Cha haibulidi chimabereka kwambiri, palibe angakane, koma chaka chilichonse uyenera kubwerera kusitolo ndi ndalama m'manja. Ganizo lotsegula mapulogalamu analilimbikitsa Richard Stallman kuyambira mu 1983, ndipo linakula pamene Linus Torvalds, mnyamata wa ku Finland, anatulutsa Linux mu 1991. Lero foni iliyonse ya Android, kaya ndi itel kaya ndi Tecno yogulidwa pa msika wa Kasungu, imayendera pa maziko a Linux yemweyo. Anthu a kwa Kapelula akudya kale zipatso za mapulogalamu otseguka, kungoti palibe anawauza.

Boma la Kasungu lili ndi chitsanzo chimene dziko lonse lapansi likuchidziwa, ngakhale kuti si cha kompyuta. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe anasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha njala ya mu 2001 ndi 2002, makolo atalephera kulipira fizi. M'kalaibulale ka pa Wimbe anapeza mabuku a sayansi a m'Chingerezi chimene sankachimva bwino, koma zithunzi zake zinkaonetsa m'kati mwa makina. Ndi dayinamo ya njinga, zitsulo zotola kudzala, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugama, anamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14. Intaneti anakaiona koyamba mu 2007 ku Arusha, ku Tanzania, ntchito atagwira kalekale. Ambiri amatengapo phunziro loti mnyamatayu anali ndi nzeru zapadera, ndipo n'zoona. Koma phunziro lina limaiwalika: nzeruzo zinapeza pogwira chifukwa wina anajambula zam'kati mwa dayinamo n'kuziika pamalo poti mwana wosauka azione. Chikanakhala chibokosi chomata cholembedwa kuti osatsegula, nkhaniyo ikanathera pomwepo.

Ku zaumoyo ndiko umboni uli wochuluka. Mu 2011 anthu a m'maboma asanu ndi limodzi, Kasungu ali momwemo, anayamba kuyesera njira yotchedwa cStock. Alangizi a zaumoyo oyendetsa zipatala za m'midzi ankatumiza uthenga wa SMS wonena mankhwala amene atsala, monga LA wa malungo ndi Thanzi ORS wa ana otsegula m'mimba. Kompyuta inkawerengera zofunika kuwonjezera n'kudziwitsa chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo katundu akakonzeka mlangizi ankalandira uthenga woti abwere. Asanakhale ndi njirayi munthu ankatha kupalasa njinga mtunda wautali n'kukapeza kuti mankhwala kulibe. Chofunika kuona apa n'chakuti cStock sinafune foni ya tachi kapena bandulo. Ka foni ka mabatani kanali kokwana. Inamangidwa pa RapidSMS, pulogalamu yotseguka imene UNICEF inathandiza kupanga ndipo inali itayesedwa kale m'Malawi potsata kunyentchera kwa ana. Amene anamanga cStock sanayambire pansi, anatenga chimene chinalipo n'kuchipinda kuti chigwire ntchito yatsopano, ndipo kenaka njirayi inafalikira m'maboma onse. Zisanachitike izi, mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab anaika pa chipatala cha Kamuzu Central makompyuta ongogwira pagalasi ndi chala, osadya moto wambiri, amene pambuyo pake anadzayendera mapulogalamu otseguka. Ntchito yaikulu yolemba mapulogalamuwo inadzakhala m'manja mwa Amalawi, ndipo njirayo inafika m'zipatala zambiri zopereka ma ARV. Ngakhale DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero za m'maboma, ndi yotseguka. Inachokera ku University of Oslo ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'maiko oposa 70.

Tsono tiyerekeze ndi zimene alimi anaona mu 2020, chaka choyamba cha AIP, ndondomeko ya boma ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo. Pogula feteleza wotsika mtengo, chitupa cha unzika chinkayenera kujambulidwa pa foni ya wogulitsa, foniyo n'kulumikizana ndi likulu. Cholinga chinali chabwino, kutseka mpata wa makuponi achinyengo. Koma netiweki ikangogwa mzere unkaima, ndipo nyuzi zinadzaza ndi nkhani za amayi ndi agogo ogona pa madepoti masiku angapo, mvula itagwa kale, feteleza akumuona ndi maso. Cholakwika sichinali foni kapena chitupa. Chinali kuganiza kuti netiweki ya pa depoti ya kumudzi ili ngati ya ku Area 47. Pulogalamu imatha kulembedwa kuti isunge zimene yachita m'foni momwemo n'kuzitumiza pamene netiweki yabwerera. Umo ndimo matabuleti a ana a Sitandade 1 mpaka 4 mu ndondomeko ya BEFIT, imene boma linayamba mu 2023, amagwirira ntchito: amaphunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, amatchajidwa ndi sola, ndipo safuna intaneti kuti mwana aphunzire. Bungwe la onebillion lomwe linapanga maphunzirowo linali limodzi mwa awiri opambana mphoto ya Global Learning XPRIZE mu 2019, mpikisano umene unkalamula kuti opambana aike mapulogalamu awo poyera.

Wina anena kuti zonsezi n'zachabe kwa mlimi, pakuti iye sangawerenge malangizo a kompyuta, akhale obisika akhale oonekera. N'zoona, monganso mmene wokwera kabaza sadziwira kumanga sipoko. Koma njinga yakapalasa inagonjetsa midzi yathu chifukwa pansi pa mtengo uliwonse wa pamsika pali munthu woidziwa m'kati, ndipo mtengo wokonzetsa ndi wotsika chifukwa okonza ndi ambiri. Phindu la kutseguka limafika kwa mlimi kudzera mwa mwana wake amene waphunzira za makompyuta ku MUBAS, ku MUST, ku Mzuni kapena ku Zomba. Mwanayo akhoza kumasulira pulogalamu m'Chichewa kapena m'Chitumbuka cholankhulidwa kumpoto kwa Kasungu, akhoza kuipeputsa kuti ilowe m'foni yotsika mtengo, popanda kudikira chilolezo cha kampani ya kutsidya kwa nyanja imene msika wathu imauona ngati waung'ono.

Ena amaopa za chitetezo: ukaonetsa poyera mmene chinthu chimagwirira ntchito, kodi sukuitana akuba? Mantha awa akusokoneza zinthu ziwiri. Mmene loko anapangidwira amadziwa aliyense wosula makiyi, koma kiyi wa nyumba yako ali ndi iwe. Chimene chimaikidwa poyera ndi malangizo a pulogalamu, osati maina a odwala kapena ndalama za alimi. Zimenezo zimatetezedwa padera, ndipo kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta. Kubisa nako sikunatipulumutse. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowerera makinawo ndipo akufuna dipo, pamene ena ankaloza ku mkangano umene unalipo boma litathetsa mgwirizano ndi kampani yomwe inaika makinawo. Mbali iliyonse imene munthu angakhulupirire, dziko linaona kuti boma silinathe kudzutsa msanga makina ake omwe, ndipo achinyamata ofuna kupita ku Joni anangoti kakasi.

Chotsutsa cholemera kwenikweni ndi cha ndalama, ndipo ichi sitingachikankhire kumbali. Pulogalamu yotseguka silipiritsa chilolezo, koma si yaulere ngati mvula. Pamafunika malipiro a akatswiri, makompyuta osungirako zinthu, mafoni, maphunziro, ngakhale ndalama za ma SMS amene. Pafupifupi zitsanzo zonse zatchulidwazi zinaima ndi ndalama za mabungwe akunja, ndipo pamene boma la America linaimitsa thandizo lambiri mu Januwale 2025, ntchito za umoyo m'maiko ambiri a mu Africa zinagwedezeka. Apa ndi pomwe mbewu ya makolo imaonetsera ukulu wake. Wothandiza akachoka, pulogalamu yotseguka imatsala m'manja mwanu. Ikhoza kufooka, koma palibe angaizimitse chifukwa choti simunalipire madola. Madolawo si nkhani yaing'ono kwa anthu a Kasungu, pakuti fodya wawo ndiye amabweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja za dziko lino. Dola iliyonse yopita ku chilolezo cha pulogalamu yomwe Amalawi akanatha kuisamalira okha ndi thukuta la m'chigafa.

Nanga Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, siithetsa zonsezi? Kwa sukulu, chipatala kapena esiteti yokhala ndi sola yamphamvu, ndi thandizo lenileni, ndipo ndi bwino kuti inabwera. Koma mbale yake ndi malipiro a pamwezi si za tenanti kapena mlimi wa ekala imodzi. Kasungu anaonapo kale zodabwitsa zikuuluka m'mwamba: mu Juni 2017 boma ndi UNICEF anatsegula pa bwalo la ndege la Kasungu malo oyeserapo ma drone, ofika makilomita 40 mbali zonse, oyamba a mtundu wake mu Africa, ndipo china mwa zoyesedwa chinali kufikitsa netiweki kumalo ovuta. Zoyesera zotere zili ndi malo ake. Komabe mayi wa kwa Kapelula wonyamula mwana wotentha thupi amathandizidwa kwambiri ndi uthenga wa SMS umene unaonetsetsa kuti LA alipo m'bokosi la mlangizi.

Palibe akunena kuti intaneti yotsika mtengo isiyidwe. Thumba la Universal Service Fund, limene lamulo la mu 2016 linakhazikitsa pansi pa MACRA, liyenera kumanga nsanja kumadera amene makampani saonako phindu, ndipo msonkho wa pa data uyenera kuunikidwanso. Koma nsanja zimatenga zaka, pamene mapulogalamu okhudza feteleza, Mtukula Pakhomo, kulembetsa alimi a fodya ndi zipatala akugulidwa chaka chino. Aphungu a Kasungu, makhansala ndi a komiti ya chitukuko kwa Kapelula, wina akadzabwera ndi pulogalamu yatsopano, musanaombe m'manja muuzeni azimitse data pa foni yakeyo akuonetseni ngati ikugwirabe ntchito, kenaka mumufunse kuti malangizo ake adzatsala ndi yani iye akadzapita.