Ma yearo imvani, ku koleji kulibe belu

Mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akangotuluka ku NCHE, ma status a pa WhatsApp amadzaza ndi zoyamika Mulungu. Kuno ku Thyolo timawaona ndithu ma yearo akutsika ndi zikwama kulowera ku Ndata, komwe kuli MUST, yunivesite yomwe inayamba kulandira ophunzira mu 2014. Zabwino zonse. Koma pali chinthu chimodzi chomwe pa orientation amangochitchula mothamanga, chonsecho ndi chimene chimabweza anthu kumudzi: nthawi.

Ku sekondale, makamaka yogonera konko, tsiku lako linali m'manja mwa belu. Belu lodzukira, la phala, la pulepu, lozimitsa magetsi. Ukagona, pulifekiti amakudzutsa. Ku koleji zonsezo kulibe. Lecturer amalowa, kuphunzitsa, n'kutuluka. Sakufunsa ngati unawerenga dzulo.

Tiyeni tiwerengere. Sabata ili ndi maola 168. Tiyerekeze uli ndi ma course 6, iliyonse maola 4 pa sabata. Ndi maola 24 okha m'kalasi. Chotsapo maola 56 ogona, utsala ndi 88 omwe palibe akukulamula chochita. Munthu wochoka ku MSCE amawaona maola amenewa ngati holide. Si holide ayi. Ndi mmene muli ma assignment, ma lab report ndi kuwerenga konse, kungoti sanalembedwe pa timetable.

Ife okulira m'mbali mwa minda ya tiyi timayidziwa nkhaniyi mwa mtundu wina. Pita ku Satemwa, yomwe ilipo kuyambira 1923, kapena ku Conforzi nthawi ya dzinja. Othyola tiyi amafuna masamba awiri anthete ndi kansonga, ndipo munda uliwonse uli ndi tsiku lake loubwerera, pakangotha sabata kapena kuposerapo pang'ono. Ukaulumpha, tiyi sakudikira. Tsamba limakula, kukhwima, mtengo wake n'kutsika. Ndipo lothyoledwa liyenera kufika pa sikelo ndi ku fakitale tsiku lomwelo lisanawonongeke. Palibe amene amathyola munda wa mwezi wathunthu usiku umodzi.

Manotsi a ku koleji alinso choncho. Calculus ya Lolemba ukayibwereza Lolemba lomwelo madzulo, theka la ola lakwana, chifukwa mawu a lecturer akadali m'mutu. Ukaisiya masabata asanu, yasanduka phunziro lachilendo, ndipo pamwamba pake pawunjikana mitu ina inayi yomwe singamveke popanda woyambawo.

Chinanso chimene ma yearo amachidziwa mochedwa ndi continuous assessment. Matesiti ndi ma assignment a mkati mwa semesita amawerengeredwa ku malikisi omaliza. Ndiye wonena kuti "ndidzawerenga mayeso akayandikira" amakhala ataluza kale gawo lina asanalowe n'komwe m'chipinda cha mayeso. Kenako ndi sapu, kubwereza chaka, kapena kuwidedwa kumene. Kwa mwana amene mayi ake amalipidwa potengera makilo a tiyi, kapena amene akuphunzira pa ngongole ya Loans Board, chaka chobwereza si nthabwala. Ine koleji ndinaisiyira panjira chifukwa cha fizi, ndiye zimandiwawa kuona munthu amene fizi ilipo akubwerera kwawo chifukwa cha TikTok ndi kubetcha mpira.

Sindikuti uponye foni m'chimbudzi, aise. Ma group a kalasi ali pa WhatsApp pomwepo. Koma foni ikhale ndi nthawi yake ngati nsima. Ukalowa mu library, data izime kaye.

Zomwe ndinaona zikugwira ntchito kwa anzanga amene anamaliza n'zosavuta. Sabata yoyamba ankatenga ma course outline onse n'kulemba madeti a matesiti ndi ma assignment pa pepala limodzi, kulimata pakhoma pafupi ndi bedi. Deti iliyonse ankaibweza m'mbuyo masiku awiri, poti magetsi amatha kuthima, network kuvuta, printer kukhala ndi mzere, usiku womaliza womwewo. Maola awiri a pakati pa kalasi ya m'mawa ndi ya masana sankabwerera ku hostel, chifukwa bedi likakuona silikusiya.

Okhala kunja kwa kampasi muli ndi masamu owonjezera: kuyenda, kutunga madzi, kuyatsa mbaula, kuphika nyemba. Zimenezi zimadya maola atatu osazindikira. Gwirizanani ndi mesho wanu, wina aphike lero wina mawa, ndipo kuchapa ndi kukagula ndiwo pa Goliati zikhale za Loweruka m'mawa basi.