Amayi, Dziŵani Lamba wa Sowo Musanatulutse Ndalama

Inu amayi amene amuna anu ali ndi shedi ya ukalipentala, kaya pa Boma pano pa Mulanje, kaya pa Chitakale, kaya kumidzi ya m'tsinde mwa phiri, mukudziŵa kuti ndiwo za pakhomo panu zimachokera ku sowo ija ya makina. Sowo ikamalira ana amapita kusukulu ndi makope. Ikakhala chete ngakhale mchere umasoŵa. Tsono chimene chimaiimitsa kaŵirikaŵiri si mota kapena mano ake ayi, koma lamba wa mphira uja amene amatenga mphamvu ku mota n'kukazunguza chitsulo cha mano.

Mwina mudzati nkhani imeneyi ndi ya abambo. Komatu m'mabanja ambiri ndinu amene mumasunga ndalama za shedi, ndipo tsiku limene bambo apanikizika ndi zitseko za eni ake, kapena bokosi la maliro limene silingadikire maŵa, ndinu amene mumatumidwa kusitolo. Lamba akapanda kupezeka pafupi, ulendo ndi wa ku Limbe, mtunda wa makilomita oposa 50. Mukabwera naye wolakwika ndiye kuti ndalama ya basi yapita kaŵiri, ntchito yaima tsiku linanso, ndipo mwini katundu wayamba kuyang'ana kwa mmisiri wina.

Malamba a kuno ali pa ntchito yakalavulagaga. Kale amisiri athu ankanyadira mkungudza wa m'phiri, mtengo wonunkhira ndi wosavuta kucheka, umene mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Lero mkungudza watsala pang'ono kutheratu ndipo ndi wotetezedwa ndi lamulo, kotero sowo zambiri zimacheka paini ndi bulugamu. Bulugamu ndi wolimba, ndipo chifukwa cha mvula ya kuno pamodzi ndi chiperoni matabwa sauma msanga. Thabwa laliŵisi limapana mano a sowo, ndipo amene amasenza mtolo wonsewo ndi lamba.

Lamba akatopa amanena

Lamba saduka osachenjeza. Amayamba kulira kuti kwii makina akangoyatsidwa, amatulutsa fungo la mphira wopsa, mbali zake zimasalala n'kumanyezimira, kunsi kwake kumaoneka ming'alu, ndipo nthaŵi zina ulusi wa m'kati umatulukira kunja. Matabwa nawo amatuluka ndi zipsera zakuda ngakhale mano ali akuthwa. Mukaona zimenezi musaumire ndalama. Lamba woterereka amachedwetsa mano, mmisiri amayamba kukankha thabwa ndi mphamvu, ndipo dzanja lake limafika pafupi ndi mano amene amazungulira kokwana zikwi zingapo pa mphindi imodzi. Lamba amagulidwa kusitolo, koma chala sichigulidwa.

Chilembo ndi nambala

Sowo zambiri za m'mashedi athu zimayendera lamba wotambalala pamsana ndi wopyapyala kunsi, wooneka ngati chilembo V chodulidwa nsonga. Pamsana pake pamakhala chilembo ndi nambala, monga A42 kapena B50. Ili ndilo dzina la lamba, ndipo mukalidziŵa wogulitsa sangakupatseni chilichonse chimene chili pafupi ndi dzanja lake.

Chilembo chimanena za m'lifupi. Lamba wa Z ndi wa mamilimita 10 pamsana, wa A ndi wa mamilimita 13, ndipo wa B ndi wa mamilimita 17. Zilembo zomwezi mudzazipeza pa malamba a chigayo, ngakhale kuti a chigayo amakhala aakulu.

Nambala imanena za m'litali mwa lamba, poyeza kuzungulira m'kati mwake, mwa mainchesi. Motero A42 ndi lamba wa mamilimita 13 m'lifupi ndi mainchesi 42 m'litali. Opanga ena amalembanso kuti 13 x 1067, ndipo musadabwe nazo, pakuti mainchesi 42 ndiwo mamilimita 1067.

Popita kusitolo tengani lamba wakale yemweyo, ngakhale ali woduka, ndiponso lembani dzina lake papepala. Akuluakulu anati kandimverere adakanena za m'maluŵa. Uthenga wapakamwa umasintha panjira, A42 n'kusanduka A24. Kumbukiraninso kuti lamba wakale anatanuka pogwira ntchito, kotero watsopano akaoneka wamfupiko pang'ono pomuyerekeza ndi wakaleyo, palibe cholakwika.

Nanga dzina likafufutika, kapena lamba akatayika? Bambo asunthe mota kuti akhale pakatikati pa malo ake osunthira, kenaka akulunge chingwe chosatanuka kuzungulira m'mphepete mwa magudumu aŵiri aja, la pamota ndi la pamano. Muyeso umenewu ndi wa kunja kwa lamba. Ngati lamba ndi wa A chotsanipo mainchesi 2, ngati ndi wa B chotsanipo mainchesi 3. Chingwe chikakwana mainchesi 44 pa magudumu a A, lamba wofunika ndi A42.

Mukafika pasitolo

Wogulitsa angakuuzeni kuti lamba wocheperako m'lifupi amaloŵa ndithu. Inde amaloŵa, koma sagwira ntchito. Lamba wamtundu uwu amagwira gudumu ndi mbali zake ziŵiri, osati ndi kunsi kwake. Wochepa amamira mpaka pansi pa kangalande ka gudumu n'kumaterereka, pamene wokula amakhala pamwamba n'kumadyeka m'mbali mpaka kudumpha. Chenjeraninso ndi lamba wa fani ya galimoto. Ambiri mwa malamba amenewo nambala yawo ndi ya muyeso wa kunja, ndiye nambala zingafanane koma utali n'kusiyana.

Mutengeni lambayo m'manja monga mumachitira ndi nsalu musanagule. Mupindeni pang'ono muone ngati kunsi kuli ming'alu. Amene wakhalitsa padzuŵa amauma, ndipo amene wapachikidwa nthaŵi yaitali pa msomali umodzi amakhala ndi bondo losaongoka, limene limanjenjemeretsa makina. Oterowo asiyeni ngakhale atsitsidwe mtengo. Funsani ngati angalole kusinthitsa akapanda kukwana, ndipo musachoke opanda lisiti.

Mudzaonanso malamba okhala ndi mano kunsi, olembedwa AX kapena BX. Muyeso wawo ndi wofanana ndi wa A ndi B, koma amapindika bwino pa gudumu laling'ono ndipo satentha msanga. Mtengo wawo umakwererapo, koma pa sowo yocheka bulugamu tsiku lonse ndalamayo siipita pachabe. Ngati sowo yanu imayendera malamba aŵiri kapena atatu, gulani onse pamodzi, a kampani imodzi. Mukasintha mmodzi yekha, watsopanoyo amakoka yekha pamene akale otanuka aja akungotsatira, ndipo naye amatha msanga. Sowo zina zing'onozing'ono zimayendera lamba wophwathalala wa mizeremizere. Ameneyo ali ndi nambala yakeyake ndipo sasinthana ndi aŵa tafotokozaŵa.

Poika lamba watsopano

Lamba wabwino angaonongeke tsiku lomwelo ngati aikidwa mosasamala. Choyamba, makina azulidwe ku magetsi, ngakhale pa nthaŵi imene magetsi azima, chifukwa amabwerera osaodira. Chachiŵiri, amasule mabauti a mota kuti lamba aloŵe mosakakamiza; kumutukula ndi chitsulo kumadula ulusi wa m'kati umene maso saona. Chachitatu, ayang'ane magudumu. Ngati pansi pa kangalande pakunyezimira pamene lamba anali wa muyeso woyenera, ndiye kuti gudumu ladyeka, ndipo lidzadya lamba aliyense amene mungagule. Aikenso rula kapena kathabwa koongoka pa magudumu onse aŵiri, aone ngati ali pa mzere umodzi.

Kukunga kukhale kwa pakatikati. Muyeso wa amisiri ndi wakuti lamba adinikizike mamilimita 16 pa mita imodzi ya mpata wa pakati pa magudumu. Ngati mpatawo ndi theka la mita, podinikiza ndi chala pakati pake atsike mamilimita 8. Wokunga kwambiri amaononga mota, ndipo wolendeŵera amaterereka n'kupsa. Patapita tsiku limodzi kapena aŵiri amuyesenso, pakuti lamba watsopano amatanuka pang'ono. Mafuta ndi girisi zisamukhudze, utuchi uzisesedwa, ndipo chotchingira chake chibwezedwe pamalo pake. Inunso mukapita ndi chakudya kushedi, chitenje ndi mpango zikhale zomanga bwino, ndipo ana aime patali.

Pomaliza, tengani kope lija mumalembamo ndalama za shedi, ndipo pa tsamba loyamba lembanipo dzina la lamba ndi tsiku limene waikidwa. Lamba woyenera sayenera kutha pa miyezi iŵiri kapena itatu. Akamatero, kopelo lidzakuuzani kuti vuto lili pa magudumu kapena pa kakungidwe, ndipo mudzaleka kutaya ndalama pa malamba. Mwezi umene ntchito yayenda bwino, gulani lamba wachiŵiri mumusunge m'nyumba pa malo ouma ndi ozizira, kutali ndi dzuŵa ndi mafuta a nyale. Tsiku limene wakale adzaduke pakati pa madesiki a sukulu, sowo idzalira ola lomwelo, ndipo katundu adzaperekedwa pa tsiku limene bambo analonjeza.