Mukaitanidwa ku Chakudya ku Guangzhou, Msilamu Adye Chiyani?

Mphwanga wina yemwe amakaoda katundu ku China anandifunsa funso titatuluka mu swala ya Jumu'ah. Iye anati mwini fakitale anamutengera ku malo odyera amakono, okongola kwambiri, ndipo patebulo panabwera mbale zoposa khumi. Anachita manyazi kukana, komanso anaopa kudya. Funso lake linali lakuti: kodi Msilamu achite chiyani pamalo otere?

Funsoli likukhudza mabanja ambiri kuyambira ku Mangochi mpaka ku Nkhotakota. Chiyambireni ubale wa boma la Malawi ndi China mu Disembala 2007, ana athu ambiri akhala akupita ku Guangzhou. Mzindawu kale azungu ankautcha Canton, ndipo n'chifukwa chake kaphikidwe ka kumeneko ndi ka ku Hong Kong kamatchedwa Cantonese. Kumenekonso ndi kumene kumachitikira chionetsero cha malonda cha Canton Fair, chomwe chinayamba mu 1957.

Tiyambe ndi zabwino zake. Anthu a kumeneko amalemekeza mlendo pomudyetsa, monga timachitira ifenso. Amakhala mozungulira tebulo, chakudya chili pakati, aliyense n'kumatapa ndi timitengo tiwiri. Tiyi sasowa, ndipo wina akakuthirirani mumathokoza pogogoda tebulo ndi zala. Sakonda tsabola wambiri. Chomwe amanyadira ndi nsomba yatsopano: m'malo ambiri nsomba zimakhala zamoyo m'madzi, mlendo n'kuloza imene akufuna. Munthu wa kunyanja, amene amadziwa kusiyana kwa chambo cha m'mawa ndi cha dzulo, angamvane nawo bwino pamenepa.

Vuto ndi lakuti nkhumba ndiyo nyama yaikulu ya kaphikidwe kameneka, ndipo nthawi zambiri siioneka ndi maso. Char siu ndi nkhumba yowotcha; imeneyo n'njosavuta kuizindikira. Koma pali timaphukusi tating'ono ta ufa totchedwa dim sum, tophikidwa ndi nthunzi m'timadengu ta nsungwi. Mwa ito, siu mai mumakhala nkhumba yogaya, ndipo har gow, ngakhale amati ndi ya prawns, ophika ambiri amaikamo mafuta a nkhumba. Msuzi wambiri umawiritsidwa ndi mafupa a nkhumba. Ndiwo zamasamba nazo zimatha kuthiridwa msuzi womwewo. Palinso XO sauce, imene inayambira ku Hong Kong m'zaka za m'ma 1980: dzina lake linachokera ku mowa, koma chovuta chenicheni ndi nyama ya nkhumba youmika imene amaikamo kawirikawiri. Pomaliza, ophika amakonda kuthira vinyo wa mpunga m'nyama ndi m'nsomba pofuna kuchotsa fungo.

Chilamulo chathu pa zimenezi n'chomveka. Allah (SWT) analetsa nkhumba mu Surah Al-Baqarah ndime 173, ndipo analetsa mowa mu Surah Al-Ma'idah ndime 90. Mu Surah yomweyo ndime 96 anatiloleza zakudya za m'nyanja. Kwa ife otsatira Imam Shafi'i, nsomba, nkhanu za m'nyanja ndi prawns n'zololedwa. Nkhuku, bakha ndi ng'ombe n'zololedwa pokhapokha zitazingidwa moyenera, ndipo pamalo wamba palibe angakutsimikizireni zimenezi.

Tsono njira yabwino ndi kunena msanga. Musadikire chakudya chifike patebulo. Pamene akukuitanani, auzeni mwaulemu kuti ndinu Msilamu, simudya nkhumba ndiponso simukhala patebulo la mowa. Izi si zachilendo kwa iwo, pakuti Chisilamu chinafika ku Guangzhou kalekale kudzera mwa amalonda a panyanja. Mumzindamo muli mzikiti wa Huaisheng, umodzi mwa mizikiti yakale kwambiri ku China. Asilamu a kumeneko amati unamangidwa ndi swahaba Sa'd ibn Abi Waqqas (RA), ngakhale akatswiri a mbiri sanapeze umboni wa zimenezi.

Mau ofunika kuwaloweza ndi akuti qingzhen, amene amalembedwa chonchi: 清真. Awa ndiwo mau awo otanthauza halaal, ndipo amalembedwa pakhomo pa malo odyera a Asilamu. Kudera la Xiaobei, komwe amalonda a ku Africa amakonda kufikira, malo oterewa alipo ambiri. Wodutsira ku Hong Kong apite ku Masjid Ammar ku Wan Chai. M'nyumba ya mzikitiwo muli malo odyera amene amaphika dim sum ya halaal.

Nanga ngati mwafika kale pamalo wamba ndipo simungachoke? Pemphani mpunga woyera, nsomba yophika ndi nthunzi yopanda vinyo, masamba owiritsa m'madzi okha, tiyi ndi zipatso. Pewani zokazinga, chifukwa chiwaya ndi mafuta n'zomwezo. Chimene mukuchikayikira chisiyeni, monga anatilangizira Mtumiki Muhammad (SAW). Njala ya usiku umodzi siinaphepo munthu, ndipo wamalonda wanzeru amakhulupirira kwambiri munthu amene sasintha mau ake chifukwa cha manyazi.

Amayi ofuna kulawa kaphikidweka kunyumba, tengani chambo chatsopano, muchikonze, muchitemeteme m'mbali ndi kuikamo jinja wodula. Ikani nsombayo m'mbale pamwamba pa madzi owira mumphika, vundikirani kwa mphindi 10 mpaka 15. Kenaka thirani mchere, masamba a anyezi ndi mafuta otentha pang'ono. Ndi mpunga wa Kilombero, banja lidya mosakayika.

Makolo, mwana wanu akamanyamuka ulendo, musamangomufunsa za pasipoti ndi ndalama. Mufunseninso kumene akadye ndi kumene akaswalire. Allah atidyetse za halaal ndi kutiteteza ku za haraam. Ameen.