Mapiritsi a kusukulu ndi mphekesera zake ku Mphunzi

Likamveka kuti mawa kubwera azaumoyo kusukulu, m'makalasi mumagwa mipata. Mwana wina wadzuka ndi mutu, wina watumidwa kudimba kukathirira kachewere, wina wafika ndithu koma ataona mzere wazembera kuseri kwa zimbudzi. Si za kuno ku Mphunzi kokha, aphunzitsi a m'madera ambiri amazidziwa. Ndipo kholo lobisa mwana si chitsiru. Kawirikawiri limakhala kuti linaonapo chinachake ndi maso, kungoti palibe amene analiuza tanthauzo lake.

Tiyambe ndi chimene maso amaonadi. Ana akamwa mankhwala a likodzo, ena amachita chizungulire, ena mseru, ena kupotokola m'mimba, wina mpaka kusanza. Apo anthu amati, "Mwaona? Anachoka pakhomo ali bwinobwino, amudwalitsa ndi mapiritsi awo." Zoti ana amamva choncho n'zoona. Mankhwalawa dzina lake ndi praziquantel, ndi owawa kukamwa, ndipo amavuta kwambiri akagwera m'mimba mopanda kanthu. Amavutanso mwana amene ali ndi tizilombo tambiri m'thupi, chifukwa thupi limalimbana ndi tizilombo takufato. Ndiye kuti amene wazunzika kwambiri nthawi zambiri ndi yemwe amafunikira mankhwalawo kuposa anzake. Zimenezi zimatha pakapita maola ochepa. Pofuna kuzichepetsa, azaumoyo amati mwana adye kaye. Koma taganizani mwana wonyamuka m'mawa wa chisanu cha ku Dedza asanalawe kanthu, uthenga woti adye sunafike kunyumba. Cholakwika pamenepo si piritsi, ndi kakonzedwe ka tsikulo.

Ena amadabwa ndi thabwa limene azaumoyo amayezera msinkhu wa ana pogawa mapiritsiwa, amati mankhwala enieni angapatsidwe poyeza mwana ngati nsalu? Mlingo wake umayendera kulemera kwa munthu, koma si sukulu iliyonse ili ndi sikelo, choncho bungwe la World Health Organization linavomereza thabwalo popeza kutalika kwa mwana kumayenderana ndi kulemera kwake. Si zongoganizira.

Palinso mawu akuti likodzo ndi la kunyanja, la anthu a kwa Kachindamoto ndi ku Mangochi, osati ife a kumapiri. N'zoona kuti kunyanja ndi m'zigwa zotentha ndiko lachuluka. Koma likodzo silifuna nyanja, limafuna madzi odekha momwe muli nkhono zosunga tizilombo take: dambo, damu, chithaphwi cha mtsinje m'chilimwe. Wodwala akakodzera m'madzimo, mazira amaswa, tizilombo timalowa m'nkhono, kenako timatuluka n'kuboola khungu la wosambira, wochapa kapena wothirira. Sililowa chifukwa chodya nzimbe, ndipo mnyamata wokodza magazi sikuti wakula. Ndi chikhodzodzo chimene chili ndi zilonda.

Tsopano mphekesera yaikulu, imene imavala malaya atsopano chaka ndi chaka: akuti zonsezi ndi njira zakulera zobisika, akufuna atsikana athu adzakhale osabereka. Inanenedwa pa mapiritsi a likodzo, inanenedwa pa mapiritsi owonjezera magazi, ndipo inakula kwambiri pa katemera wa HPV. Apa ndi pamene zinthu zatembenuzika mutu pansi. Likodzo likakhalitsa mwa mtsikana, mazira ake amakakhala m'ziwalo zoberekera, kubweretsa zilonda, ululu ndi kutaya magazi, ndipo likhoza kumulepheretsa kutenga pathupi. Chimene kholo likuopa, amachita ndi matendawo, osati mankhwala.

Katemera wa HPV anayesedwa koyamba m'dziko muno ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, ndipo mu Januwale 2019 boma linamukhazikitsa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Funso la makolo ndi lomveka: bwanji atsikana okha, bwanjinso aang'ono chotere? Kachilombo ka HPV kamafala pogonana, ndipo ndi kamene kamayambitsa pafupifupi khansa yonse ya khomo la chiberekero. Katemerayu amateteza, sachiza. Amagwira bwino ntchito mwana asanakumane ndi kachilomboko. Kubaya wa zaka 9 si kumukayikira khalidwe, koma kufika msanga mdani asanafike. Amayambira atsikana chifukwa ndiwo amafa ndi khansayi, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene amayi amadwala ndi kufa nayo kwambiri pa dziko lonse. Mayiko a ndalama amabayanso anyamata. Australia inayamba kubaya atsikana m'sukulu mu 2007, anyamata mu 2013. Rwanda, kuno ku Africa, inayamba mu 2011. Atsikana oyambirirawo lero ambiri ndi amayi a ana. Chokhacho, wobayidwa akakula ayenerabe kumakayezetsa khomo la chiberekero, chifukwa katemerayu satseka mitundu yonse ya kachilomboko.

Za mapiritsi owonjezera magazi sizifuna mawu ambiri. Mtsikana akatha msinkhu amataya magazi mwezi ndi mwezi, pamene thupi likukulanso, ndiye piritsi limodzi pa sabata la ayironi ndi folic acid limabwezeretsa. Chimbudzi chimada, ena amamva mseru, basi. Mulibe kulera m'menemo. Dedza, pamodzi ndi Salima ndi Mangochi, ndi maboma amene mu 2014 mabungwe a WFP, UNICEF ndi UNFPA anayamba kugwiramo ntchito ya maphunziro a atsikana mothandizidwa ndi dziko la Norway, choncho zambiri zoterezi zinafika kuno msanga, mphekesera zake nazonso.

Pali chikhulupiriro china cha mbali ina, chimene sichitchulidwa chifukwa n'chaulemu: choti mwana akamwa mapiritsi kusukulu ndiye kuti zatha, waonedwa ndi dokotala. Ayi. Pogawa mankhwala a likodzo ndi a njoka za m'mimba sayeza mwana aliyense payekha, amapatsa onse. Praziquantel amapha tizilombo tokhwima timene tili m'thupi tsiku limenelo, sateteza mawa. Mwana akabwerera m'dambo lomwelija, atenganso. Albendazole wa njoka za m'mimba naye ndi chimodzimodzi ngati pasukulu palibe chimbudzi chabwino ndi madzi osamba m'manja. Komanso sukulu zathu za pulayimale zambiri zilibe namwino. Amene amabwera ndi alangizi a zaumoyo ochokera ku chipatala chapafupi, ndipo wowathandiza ndi mphunzitsi wosankhidwa kuona za umoyo ndi kadyedwe.

Malungo ndiwo amaonetsa bwino malire amenewa. Timakonda kunena kuti kuno kumazizira, udzudzu mulibe. Ngochepa poyerekeza ndi kunyanja, koma dzinja likafika malungo alipo. Ofufuza m'Malawi muno apeza kuti ana a msinkhu wa sukulu ndiwo amasunga kwambiri tizilombo ta malungo m'magazi, ambiri osaonetsa kudwala, komanso ndiwo sagona m'masikito, popeza neti pakhomo imapita kwa mayi ndi khanda. Ku Zomba anayesapo kuphunzitsa aphunzitsi kuyeza malungo ndi kupereka mankhwala pasukulu pomwepo, mothandizidwa ndi Save the Children. Aphunzitsi anaikwanitsa ntchitoyo ndipo makolo anaikonda, koma sikuti ili pasukulu iliyonse. Mwana wotentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire bokosi la mankhwala la ahedi.

Ine ndimaona kuti azaumoyo ndi aphunzitsi amachepetsa mphamvu ya anthu amene mudzi umawamvera kale. Pathanthwe la phiri la Mphunzi pali zojambula zakale, mbali ya malo 127 a Chongoni amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira anajambula Akafula. Zambiri mwa zoyerazo ndi za Achewa, za chinamwali ndi za nyau. Ndiye kuti dera lino lakhala ndi aphungu a thupi la mtsikana kuyambira kalekale. Anamkungwi alipo mpaka pano, alangizi a kumpingo alipo, amayi a Mother Group alipo, nyakwawa ilipo. Kalata yopatsira mwana wa Sitandade 3 madzulo a tsiku loti mawa kubayidwa singapose anthu amenewa. Akanamaitanidwa sabata yathunthu zisanachitike, n'kuuzidwa mosabisa kuti ana ena adzasanza, mkono udzatupa pang'ono, chimbudzi chidzada, ndiponso kuti phala liphikidwe m'mawa mzere usanayambe.