Njanji ikadzafika ku Rumphi, adzaisamale ndani?

Boma la Rumphi lilibe njanji, ndipo chigawo chonse cha kumpoto chilibe. Malasha a ku Mchenga ndi Kaziwiziwi, mafuta ochokera ku Dar es Salaam, feteleza ndi simenti, zonsezi zimayenda pamsewu wa M1, zambiri mwa izo kudzera paphiri la Chiweta. Pamenepa madalaivala a mathiraki amatsetsereka phazi lili pabuleki, fungo la mabuleki opsa lili tolo, ndipo thankala ikagudubuzika pakona msewu umatsekeka, magalimoto n'kundandana mbali zonse ziwiri. Ngozi yotere ikachitika, pamamveka mawu akuti katundu wolemera chonchi anayenera kuyenda panjanji, makamaka poti njanji ya TAZARA imadutsa ku Mbeya, kufupi ndi malire athu. Mawuwa ndi oona, koma ndi theka chabe la nkhani. Mbiri ya njanji m'dziko muno ikuonetsa kuti njanji imakhala yotetezeka pokhapokha pali ndalama zoikonzera chaka ndi chaka, ndipo pomwe ndalamazo zasowa, njanji yathu yakhala ikuwonongeka.

Njanji yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Inafika ku Salima mu 1935, chaka chomwenso mlatho wa Dona Ana pamtsinje wa Zambezi unatsegulidwa. Ya ku Nayuchi yolowera ku Nacala inatha mu 1970, ndipo pofika 1980 sitima inali itafika ku Mchinji. M'zaka zonsezi chomwe chasakaza kwambiri katundu wa njanji yathu si sitima kuwombana. Kupatula nkhondo ya ku Mozambique, imene inatseka njira zathu za kudoko m'zaka za m'ma 1980, mdani wamkulu wakhala madzi. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pa Chiromo, ndipo Bangula ndi Nsanje zinakhala zaka zoposa 20 osaona sitima. Mu 2003, patangopita zaka zochepa kampani ya Central East African Railways itatenga njanji m'manja mwa boma mu 1999, mlatho wa Rivirivi kufupi ndi Balaka unapita ndi madzi, sitima zopita ku Lilongwe n'kuima kwa nthawi yaitali. Madzi a mu 2015 ndi namondwe Freddy wa mu 2023 anabwera kudzabwereza phunziro lomwelo.

Wina anena kuti mvula ndi ya Mulungu, palibe amene angaiimbe mlandu. Koma madzi sagwetsa mlatho tsiku limodzi. Amayamba ndi kalavati yodzaza mchenga imene palibe waifukula, ngalande yomera udzu, mapiri ometedwa mitengo omwe amatsanula madzi onse nthawi imodzi, ndi nsanamira ya mlatho yomwe yakhala ikudyeka pansi zaka zambiri popanda woiyendera. Onjezanipo akuba amene amamasula mabawuti ndi zitsulo zogwira njanji kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Ndipo chowawa pa nkhani ya Chiromo si kukokoloka kwa njanjiko ayi, poti zimenezo zimachitika kulikonse. Chowawa n'chakuti ana anabadwa, n'kukula, n'kukwatira, malo okokolokawo ali chikhalire.

Ngozi zomwe zapha anthu ambiri panjanji m'dera lino la Africa zikunena zofanana, ndipo anthu a ku Rumphi ayenera kuzimvetsera bwino chifukwa ziwiri zazikulu zinachitikira pachitunda. Pa 25 May 2002, pa Tenga kufupi ndi Maputo, mabogi a anthu anasiyidwa pamtsetse atatchingidwa ndi miyala. Miyalayo inalephera, mabogi anatsetsereka n'kukawomba mabogi a simenti, ndipo anthu 192 anafa. Patangotha mwezi, pa 24 June, sitima ya anthu inalephera mabuleki paphiri la Igandu ku Tanzania, inabwerera chafutambuyo n'kukawomba sitima ya katundu, anthu 281 n'kutaya miyoyo. Gudumu la chitsulo panjanji ya chitsulo siligwira ngati tayala pa tala, n'chifukwa chake sitima yolemera imafuna njira yokwera mita imodzi kapena awiri okha pa mamita 100 alionse. Kuchoka m'mbali mwa nyanja pa Chiweta kukafika kuchigwa cha Henga, njanji ingafune milatho yambiri, makhwawa odulidwa m'mapiri, mwinanso ngalande zoboola phiri, m'dera lomwe nthaka imagumuka nyengo ya dzinja. Chilichonse mwa zimenezi chimafuna munthu wochiyendera ndi ndalama zochikonzera.

Palinso amene angaloze njanji ya malasha, yotalika makilomita 912 kuchokera ku Moatize kudutsa m'dziko muno mpaka ku Nacala, imene kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga ndi kukonzanso isanaigulitse kwa Vulcan mu 2022. Anganene kuti onani, njanji yamakono ikuyenda bwino ku Malawi konkuno. Zoonadi ikuyenda, koma ikuyenda chifukwa malasha a ku Moatize ndi ochuluka zedi, ndipo tsiku limodzi sitima itaima mwini wake amataya ndalama zankhaninkhani, motero madzi akakokolola penapake amakonza msanga. Malasha a ku Rumphi ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewo, sangalipire okha chisamaliro chotere. Komanso njanji yabwino ili ndi zoopsa zake. Sitima ya mabogi oposa 100 singaime pomwepo dalaivala akaona munthu, ng'ombe kapena minibasi pamphambano ya msewu ndi njanji. Imatha kupitirira mtunda wa kilomita isanaime. Ngozi zimachoka kwa okwera sitima n'kupita kwa oyenda pansi ndi owoloka.

Zonsezi sizikutanthauza kuti kumpoto kusadzakhale njanji. Tani imodzi ya katundu imayenda motetezeka panjanji yosamalidwa kuposa pathiraki yotsika Chiweta, ndipo sitima imodzi imachotsa mathiraki ambirimbiri pamsewu. Koma aphungu ndi mafumu a ku Rumphi akamapempha njanji, afunsenso kuti katundu wokwanira kuilipira adzachokera kuti, thumba la ndalama zokonzera lidzasungidwa ndi ndani, ndipo ndani adzayang'anira kampani yoyendetsa. Pakadali pano katundu wambiri akudutsabe pa Chiweta, ndipo ndi pamenepo pakufunika sikelo yoyezera mathiraki yogwira ntchito, kuyeza mabuleki asanayambe kutsika, ndi ngalande zofukulidwa mvula isanagwe.